Maso amene anadikira mawu a mlongo

ANambewe tinawaika mwezi wathawu kumanda a kuseri kwa phiri, kwathu kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Polalikira, mkulu wa mpingo anati tisalire, chifukwa kumene apita mayi athuwa tsopano akuona bwinobwino. Anthu anavomera. Ine ndinangokhala pamphasa paja mtima ukuwira, chifukwa ndikudziwa kuti mayiwa akanatha kuona pansi pompano. Dokotala wa maso tinamupeza titamufunafuna mpaka mapazi kung'ambika, ndipo pabedi la chipatala anakhalapo ndithu. Chimene chinasowa ndi mawu a munthu mmodzi, ndipo munthuyo boma la masiku amenewo linali litamutsekera kumene mawu satuluka.

Anali amayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka. Ana awo onse anamwalira ali aang'ono, choncho ukali umene akanagawira ana awowo unagwera ife. Anali aafupi, oonda, oyenda mofulumira ngati aiwala mphika pamoto. Pa zonse zimene Mulungu anawapatsa, chuma chawo chinali maso. Ankaona mbuzi ikulowa m'dimba la eni tsidya lina la chigwa, n'kutchula mwini wake asanadzuke pamene akhala. Pachilundu pawo sipankasowa pini, ndipo mudzi wonse unkabwera kudzachotsetsa minga ndi matekenya. Nthawi yopuntha nyemba, munthu kachitsotso kakamugwera m'diso ankathamangira kwa iwo. Ankamugwira chibwano, n'kutembenuza chikope ndi kamtengo ka machesi, n'kukokola kachitsotsoko ndi nsonga ya nsalu, uku akumuuza kuti maso akewo ndi aulesi ngati mwini wake. Sanathandizepo munthu osamunena.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo tinachimva mpaka makutu kuwawa: chinthu chilichonse chili ndi mwini wake, chopanda mwini ndi galu wofera pamsewu. Nkhuku ili ndi woyenera kuipha, mlandu uli ndi woyenera kuuyamba, ndipo munthu ali ndi woyenera kumunenera mawu. Kwathu woyenerayo si mwamuna amene wakukwatira. Ndi mlongo wako, mwini mbumba, amene amayang'anira alongo ake ndi ana awo. Mwamuna amabwera kudzakhala chikamwini, amalima, amabereka, koma mutu wa mkazi wake si wake.

Ambiri a ife mwambowu tinkautsata monga momwe munthu amatsatira njira ya kuchitsime, osauganizira. ANambewe okha ankaugwira ngati Baibulo. Chaka china mwana wa m'mudzi mwathu anamwalira, adzukulu n'kukumba manda, bokosi n'kufika pakhomo. Mtsibweni wa mwanayo anali asanafike kuchokera ku esiteti kumene ankagwira ntchito. Bambo wa mwana, misozi ili chuchuchu, anati tiyeni tikaike, dzuwa likutentha. ANambewe anakakhala pakhomo pa siwa, miyendo tambalale, n'kumuuza m'maso muli gwa kuti iye ndi tonde wobwereka, sangatulutse mwana wa eni. Akuluakulu a mpingo anawanyengerera, koma anali ngati akulankhula ndi chulu. Maliro anagona. Mtsibweniyo atafika m'mawa mwake anangoti, "Kaikeni." Mayi wa mwana uja sanawapatsenso moni aNambewe mpaka kukalamba, ndipo iwo sanaone chifukwa chopepesera.

Amuna awo, aPhiri, anali munthu wofatsa, woluka nkhokwe ndi nsengwa. Anakhala m'mudzi mwathu mpaka imvi mbuu, koma ankayendabe ngati mlendo wofika dzulo. Akazi awo akayamba kukalipa, iwo ankatenga nsungwi zawo n'kukakhala pansi pa mtengo.

Munthu yekhayo amene aNambewe ankamugwadira anali mlongo wawo, atsibweni anga a Yeremiya Mbewe, aphunzitsi aakulu a pasukulu ya kwathu. Anawabereka kumsana ali khanda, amayi awo akapita kumunda, ndipo ankakonda kutikumbutsa kuti aphunzitsi aakulu amene tikuwaopawo anawakodzera nsalu zosawerengeka. M'mawa ankatha kuwakalipira ngati mwana chifukwa cha kolala yakuda, madzulo n'kuwagwadira powafotokozera za mbuzi yofuna kugulitsa. Atsibweni ankangoseka. Anali munthu wa nthabwala, wokonda kwaya ndi mpira wa ana a sukulu.

Anawatenga chifukwa cha chiswe. Mu ofesi yawo, monga mu ofesi iliyonse nthawi imeneyo, munkapachikidwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Chiswe chinakwera khoma n'kudya felemu. Atsibweni anatsitsa chithunzicho kuti mmisiri adzakonze, n'kuchiyedzamiritsa pansi, nkhope itayang'ana kukhoma. Wina anaona. Landirova ya apolisi inabwera masana ana ali m'kalasi, ndipo atsibweni anakwera choko chili m'manja. Kunalibe mlandu, kunalibe bwalo, kunalibe wotiuza ndende yake.

Chimene sindidzaiwala ndi momwe dzina lawo linazimiririra. Akazi awo anabwerera kwawo. Kutchalitchi tinkapempherera odwala, amasiye ndi a paulendo, koma osati iwo. Anthu amene anawaphunzitsira ana ankatembenukira kumbali tikakumana nawo panjira. Aliyense anawaika m'manda mumtima mwake kuti ayende bwino. ANambewe okha ndiwo ankawatchula, ndiponso mokweza. Wina akabwera ndi nkhani ya ukwati kapena ya malire a munda, yankho linali lakuti tidikire Yeremiya.

Amene ankavutika kwambiri ndi mawu amenewa anali aLabani, mwana wa mayi awo aang'ono a aNambewe. Pamwambo iwonso anali mlongo wawo, wotsatira kwa atsibweni. Anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, wosavula baji ngakhale kudimba. Sindinganene kuti ndi iwo anakanena za chithunzi chija, chifukwa sindinawaone. Ndingoti atsibweni atangopita, aLabani anayamba kukhala kutsogolo pa milandu ya mbumba yathu, ndipo mpandowo unkawakwana bwino.

Ng'ala inabwera mwakachetechete. Mayiwa anayamba kudandaula kuti kunja kuli nkhungu, ndipo poti m'mapiri athu nkhungu si yachilendo, palibe analabadira. Tinadzidzimuka atanena zomwezo mwezi wa dzuwa lotentha, kumwamba kuli mbee. Tsiku lina analasa mwana phazi pamalo popanda minga, mwana n'kulira, iwo n'kuchotseratu pini ija pachilundu. Pakati pa maso awo panayamba kuyera ngati diso la nsomba yophika.

Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndipo ntchito yofunafuna thandizo inagwera ine. Ku Dowa boma anatiuza zoona zokhazokha: iyi ndi ng'ala, mankhwala odontheza saichotsa, imafuna dokotala wa maso, ndipo iwo analibe. Ku Madisi asisitere ananena zomwezo, n'kuwonjeza kuti amamva za dokotala wina woyendayenda, koma sankadziwa kumene adzatulukire chaka chimenecho. Ndinafunsa madalaivala a malole a fodya, ndinafunsa alaliki oyendera mipingo. Ndinaphunzira kutchula dzina la amuna anga pofunsa, chifukwa la Mbewe wa kwathu linkatseketsa anthu pakamwa.

Yankho ndinalipeza pamsika wa Kasakula, kwa mdala wogulitsa mipini. Anavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, omangidwa ndi mphira kunkhongo, maso ake akuoneka aakulu ngati a kadzidzi. Ndinamufunsa kumene anawapeza. Anati iye anali wakhungu wochita kukokedwa ndi ndodo, ndipo anamuchotsa ng'ala dokotala wochokera kunja, amene amabwera pachipatala china chaching'ono cha mishoni kuseri kwa mapiri anthu akatha kukolola, misewu itauma. Amakhala masiku ochepa n'kupita. Mdalayo anatola kanyerere pamkono panga n'kundionetsa, akuseka ngati mwana. Ndinabwerera kumudzi ndikuthamanga.

ANambewe tinawauza kuti tikukangowaonetsa. Tinawakweza pangolo mpaka kumsewu, kenako palole, ine ndi aPhiri. ALabani anatitsatira osaitanidwa, atavala jekete. M'chipinda cha odwala munali nkhalamba zogona chagada, maso omangidwa, timatumba ta mchenga uku ndi uku kuti mutu usagwedezeke. Mayi wina amene anali atangomumasula bandeji ankaseka mwana wake wamkazi, akuti sanadziwe kuti wakalamba chonchi. Dokotala anawaunika aNambewe ndi tochi, n'kunena kudzera mwa womasulira kuti kuseri kwa ng'alayo maso onse awiri ndi amoyo, ndipo diso loyamba alikonza m'mawa mwake. Namwino anabwera ndi sizasi n'kuwadula nsidze. Mpaka pamenepo mayiwa anali phee, poganiza kuti akufuna kuwapaka mankhwala.

"Ndiye mwalola eti, mayi?" anafunsa namwinoyo. "Nanga inu abambo, mwalola?"

"Kulola chiyani?" anatero aNambewe.

"Opaleshoni. Adokotala ang'amba pang'ono n'kuchotsa ng'alayo."

"Ndi mpeni?"

"Kampeni kakang'ono. Simumva kuwawa."

ANambewe anatembenukira kumene kunkamveka mpweya wa amuna awo. "APhiri, mwamva? Akuti mulole."

APhiri ankapotokola chipewa m'manja. "Ine anandipatsa munthu woti ndizikhala naye," anatero motsitsa mawu. "Mutu sanandipatse. Chitachitika china, eni ake ndikawauza chiyani?"

Namwino anaseka pang'ono. Anati kuchipatala mawu a wodwala mwiniwake ndi okwanira.

"Mwana wanga, kwanu n'kuti?" anafunsa aNambewe. "Kwanuko munthu amadzipereka yekha kumpeni ngati alibe abale? Auzeni adokotalawo, poti iwo ndi ophunzira ndipo a boma amawamvera, atumize uthenga kundende kwa mlongo wanga Yeremiya Mbewe. Akayankha, adule mutu wonsewu ngati akufuna."

Ngakhale mayi woseka uja anasiya kuseka. Womasulira anayang'ana pansi ndipo sanamasulire, dokotala n'kumangotiyang'ana mmodzimmodzi. Pamenepo aLabani anasendera pafupi.

"Alongo, musamatchule zakutali pagulu. Ine ndilipo. Mbumba siikhala yopanda mwini. Ndalola ine, akuchotseni ng'alayo."

"Labani," anatero mayiwa, osakweza mawu, "maliro a Yeremiya tinalira liti? Manda ake ali kuti? Unandimeta liti ine? Pampando wa munthu wamoyo sakhalapo. Ukanena mawu ake lero, ine n'kuvomera, ndiye kuti tamukwirira awirife. Khasu limenelo ine sindigwira nawo."

Ndinagwada pasimenti n'kuwagwira mawondo. Ndinawakumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kuti dokotalayu sakhalitsa. Ndinati atsibweni akanakhalapo akanalola mosachedwa.

"Ndikudziwa kuti akanalola," anandiyankha. "Ndiye abwere adzalole."

Anatsika pabedi, kumanga chilundu, n'kutambasula dzanja kuti wina awatsogolere. Dokotala anatitsatira mpaka pakhonde, n'kutiuza kudzera mwa womasulira uja kuti ng'ala ikakhalitsa imatha kuononga diso lenilenilo, choncho tisalephere chaka chamawa. Tinabwerera kumudzi ndi munthu wopanda nsidze, ng'ala ili momwemo.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti anaopa mpeni, mwambo n'kukhala pobisalira. Ndinazindikira mochedwa kuti sizinali choncho. M'mudzi monse munali mutatsala malo amodzi okha pamene atsibweni anali adakali ndi moyo, ndipo malowo anali mpando wawo wopanda munthu. ANambewe analibe mfuti, analibe loya, sankadziwa kulemba. Anali ndi maso awiri, ndipo anawaika pampandopo kuti wina asakhalepo. Ndikumvetsa, koma ndimawakwiyirabe. Boma silinamve kuwawa. Palibe nduna imene inalephera kudya chifukwa mayi wina wa m'mapiri a Ntchisi wakana opaleshoni. Anavutika ndi iwo okha, ndi ife owatungira madzi.

Chaka chotsatira dokotala anabweranso, ife sitinapite. Chinanso anabwera. Kenako diso lakumanja linayamba kupweteka, mutu kuwawa mpaka kusanza, diso kuuma ngati mwala. Ululu utatha, diso limenelo silinkasiyanitsanso dzuwa ndi mthunzi. Lakumanzere linaonongeka ndi chifundo. APhiri, posapirira kuona akazi awo akupapasa khoma, anakatenga masamba kwa sing'anga wina n'kuwafinyira m'diso. Pamenepo panalibe wofunsa mwini mbumba, poti masamba si mpeni. Diso linatupa, kutuluka mafinya, n'kupola ndi chipsera choyera. Mwambo womwe unatsekereza chochiritsa unatsegulira chowononga khomo lonse. APhiri sanakhalitse pambuyo pake, ndipo dokotala uja anasiya kubwera.

Musaganize kuti khungu linawafewetsa. Ankazindikira munthu ndi momwe wanenera odi, ena ndi chifuwa chawo, aLabani ndi nsapato. Akamva nsapatozo ankayamba kufunsa mokweza ngati pali amene wamva za Yeremiya. Ankapapasa nyemba zimene ndasankha n'kupezamo miyala, n'kunena kuti a maso awiri ndife akhungu enieni. Wina akawamvera chisoni ankamuthamangitsa. Sindinawamvepo akudandaula za maso awo, ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima kuposa akanamalira.

Patapita zaka, atsibweni anawamasula, ndipo anabwera masana ena, wapansi kuchokera kumsewu, manja ali lendee. Mano akutsogolo analibe, miyendo inali yotupa, ndipo ankalankhula monong'ona uku akucheuka. Amayi ena anayamba nthungululu, n'kusiya okha poopa. ANambewe anawapapasa nkhope kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, n'kungoti, "Wachepa." M'mawa mwake anaitanitsa mbumba yonse, aLabani omwe. Anagwada patsogolo pa mlongo wawo n'kuyamba nkhani ngati yachitika dzulo.

"AMbewe, ine ndili ndi ng'ala. Kuchipatala akuti ndi za mpeni. Ndati ndimve kwa inu."

Atsibweni anayang'ana maso oyera aja, n'kutiyang'ana ife. Panalibe amene anali atawauza za masowo.

"Pitani, alongo," anatero. Kenako, misozi ikutsika, ananong'ona kuti, "Koma munadikiriranji?"

"Nanga ndikanafunsa ndani?"

Tinapita ku Lilongwe, kumene tsopano kunali dokotala wa maso wa konkuno, wolankhula Chichewa chathu chomwechi. Anaunika ndi tochi diso lakumanja, mayiwa osaphethira. Anaunika lakumanzere. Anasindikiza ndi chala pachikope, n'kuzimitsa tochi yake. Anafotokoza mwaulemu kuti ng'ala akhoza kuichotsa, koma sizingathandize, chifukwa mtsempha wa diso lina unafa kale ndipo linalo linapsa. Anafunsa chifukwa chimene tinachedwera chonchi. Tonse atatu, ine, atsibweni ndi mayiwa, tinangonyamuka n'kutuluka.

M'basi pobwerera aNambewe ndiwo anayamba kulankhula. Anati basi, zatha bwino, mawu anenedwa ndi mwini wake. Ndinafuna kukuwa kuti basi yonse imve. Atsibweni anayang'ana pawindo njira yonse. Patapita nthawi anandiuza kuti zimene anawachita kundende amatha kuziiwala tsiku lina lathunthu, koma maso a alongo awo amakumana nawo m'mawa uliwonse. Boma linawalanda zaka, koma mlongo wawo anawasenzetsa katundu amene sanamupemphe, ndipo analibe pomutula.

Pamaliro aLabani analankhula m'malo mwa anamfedwa, poti atsibweni anakana kuimirira. Baji ija anavula kalekale zinthu zitasintha, ndipo tsopano amati nawonso ankazunzika mumtima. Anatamanda malemuwo kuti anali mayi wosunga mwambo, chitsanzo kwa atsikana a masiku ano. Anthu anaomba m'manja mwaulemu.

Dzulo ndinapita kukasesa pakhomo pawo. Chitseko n'chomangidwa ndi luzi, ndipo nkhuku zayamba kuikira pakhonde. Kuchokera pamzati wa khondelo pali chingwe cha khonje chimene atsibweni anamanga ndi manja awo titabwerako ku Lilongwe, chopita kuchimbudzi, china n'kukhotera kumtengo wa mango kumene mayiwa ankaothera dzuwa. Chingwecho chinada ndi kusalala chifukwa chogwiridwa, ndipo pansi pake pali kanjira kokumbika, kopapatiza, ka mapazi a munthu mmodzi. Udzu wayamba kale kumeramo. Chingwecho chimakola ana m'khosi akamathamanga, ndipo ng'ombe za ngolo zimachita kuzungulira. Amayi a m'mudzi akufuna chimasulidwe, nyumba itsegulidwe, ziwiya ndi nsalu zigawidwe monga timachitira. Koma zinthu za malemu sazikhudza popanda mawu a mwini mbumba.

Atsibweni ndinawapeza atakhala pansi pa mango paja, dzanja lili pachingwe. Ndinagwada n'kuwafunsa ngati tingamasule. Anati tidikire kaye. Ndinatenga tsache langa n'kuwerama kudutsa pansi pa chingwecho.